Nkhuku Yopanda Mchere

Kwathu kunali kachitini koyezera mchere, kophwanyika kunsi. Mayi anakatola pa msika wa Chonde. Ogulitsa akakweza mtengo mpaka kuchita nawo manyazi, ankamenya kunsi kwa chitini ndi mwala kuti muzilowa mchere wochepa.

Ndinali Sitandade 3. Bambo anali atamwalira. Mayi ankathyola tiyi pa esiteti, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani. Lamulo linali limodzi: ntchito ikatha, nyumbanso yatha.

Chiperoni cha chaka chimenecho chinali choopsa. Mayi ankabwera manja atachita dzanzi, zovala zikununkha masamba a tiyi. Malipiro anali omwe aja, koma sopo, parafini ndi mchere zinkakwera mwezi ndi mwezi. Tinkadya nandolo wopanda mchere. Ine sindinalirepo. Ana a masiku ano amalirira shuga.

Kenako tinamva kuti kukubwera aphungu. Amalume, amene anali kapitawo, anasankha mayi kuti aphikire mlendoyo. Anabweretsa nkhuku ndi paketi yathunthu ya mchere. "Mlongo," anatero, "usandichititse manyazi."

Aphungu anafika pa galimoto, nsapato zawo zopanda thope. Anatiuza kuti dziko likupita patsogolo, ndipo tonse tinawomba m'manja. Atakhala pansi kudya, ananyema nyama, natafuna, nasiya.

"Amayi, mwaiwala mchere?"

Mayi anagwada. Anatulutsa kachitini kaja m'chitenje, nakaika pa tebulo chozondotsa. "Sindinaiwale, bwana. Ndaphika mmene timadyera ife amene tinakusankhani."

Amalume anayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Bwana wa esiteti anali pomwepo. Ndinadziwa kuti mawa tikhoza kugona panja.

Kumbuyo mayi wina anakuwa, "Idyani, bwana, imatsika ndithu!" Amayi onse anaseka, ena nalulutira. Munthu mmodzi ungamuchotse ntchito. Amayi onse othyola tiyi sungawachotse masamba ali m'munda. Aphungu anaseka mokakamiza, namaliza nkhukuyo mmene inalili.

Sindinama: mtengo wa mchere sunatsike. Mpaka lero zinthu zikukwera, ndipo akuluakulu akubwerabe ndi nsapato zoyera. Koma nyumba sitinachotsedwemo, ndipo kuyambira pamenepo amayi a pa esiteti anasiya kungovina alendo akabwera. Mdzukulu wanga wamkazi, kampeni yapitayi, anaimirira pamsonkhano ku Limbuli nafunsa wopikisana mtengo wa sopo. Mdzukulu wangayo sanagwade.

Madzulo a tsiku lija mayi anatsegula paketi ija nagawira amayi anzawo, aliyense kachitini kake. Ifenso tinadya nandolo wokolera mchere. Ndinaona manja a mayi akunjenjemera pogawapo, mchere ukutayikira pansi. Ndinathamanga kukawatengera nsalu yofunda. Ndinkaganiza kuti ndi chisanu.