Ludzu la achemwali anga m'munda wa tiyi

Lachiwiri lapitali achemwali anga a Esinati anagwa m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana. Anzawo anawanyamula mpaka kumsewu, kombi n'kuwafikitsa kuchipatala ku Hauna, tauni ya m'chigwa chathu chino. Ine ndinawapeza ali pa diripi.

Namwino sanazungulire. "Mwauma m'thupi, mayi. Mukapitiriza chonchi impso zidzakukanani."

Namwinoyo atangotuluka, ndinawakalipira achemwaliwo. Eni esiteti anaika thanki ya madzi m'mphepete mwa munda mwezi watha womwewu, poona kutentha kwa zaka zino.

"Achemwali, madzi aulere ali pamphuno, inu n'kumakomoka ndi ludzu?"

Anandiyang'ana ngati ndine mlendo m'chigwa muno. "Iwe, ndikamwa, ndikataya kuti madziwo?"



Taganizani, awerengi. Tiyi amalekeza m'chiuno, sangabise munthu. Chimbudzi chili kukomboni, kutsidya kwa phiri. Akapitawo ndi amuna, wina mwinanso ndi mpongozi wako. Bambo amangotembenuka, zatha. Nanga mayi atani? N'chifukwa chake amayi othyola tiyi amasunga lamulo limene anasiyiridwa ndi amayi awo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje: m'mawa usamwe kanthu, udzamwa ukaweruka.

Kale lamuloli silinkapha munthu. Nkhungu inkakhalitsa m'mapirimu, amayi athu ankathyola atavala juzi. Masiku ano dzuwa likumatuluka ndi ukali wa masana. Nyengo yasintha, lamulo likadali lomwe lija.

Kunena zoona, ndili ndi mantha. Mwezi wa Okutobala sunafike n'komwe.

Amene anagula thankiyo sindikuwanyoza, anafuna kuthandiza. Koma anafunsa mayi ndi mmodzi yemwe? Nkhani zoteteza anthu ku matenda obwera ndi kusintha kwa nyengo zimakambidwa m'zipinda zozizira, chimbudzi chili pakhomo lachiwiri. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayiwa amva, koma manyazi awatseka pakamwa. Nkhani yotere ungaiyambe bwanji pamaso pa abwana?

Sitikupempha zakumwamba. Kachimbudzi pakati pa munda, ngakhale ka mpanda waudzu, ndi kuyamba ntchito dzuwa lisanakwiye.

Achemwali atuluka m'chipatala, ndipo Lolemba abwerera kumunda. Dzulo ndinawagulira botolo lalikulu lokolekera pa dengu. Analilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

"Taika pawindopo," anatero. "Ndizimwa ndikaweruka."