Gitala ya achimwene Yusufu yalira

Moni nonse abale.

Lero masana ndinapita ku Al Muntazah, dera lina la kunja kuno, kukaona achimwene Yusufu. Mukudziwa kuti chimwalirireni alamu, iwo sakumacheza ndi munthu. Ndawapeza atafungatira gitala yamagetsi yakalekale ya ku Japan, imene abwana awo amafuna kutaya. Ndi yofiira, ili ndi mabatani anayi ngati masuwichi a m'nyumba, komanso kachitsulo konjenjemeretsa mawu.

Mawaya awiri anali oduka, ndiye iwo amangapo twaini wowedzera nsomba, monga ankachitira pa banjo yawo ya chigubu kwathu ku Mangochi. Titalumikiza ku sipika ya mnzawo, twainiyo wangoti zii. Mnzawoyo akuti timaginito ta pansi pa mawaya timamva chitsulo chokha.

Achimwene aseka, wallahi, mpaka misozi. Kenako aimba nyimbo ya pa ukwati wawo ndi mawaya anayi otsalawo, misozi ija osaipukuta.

Contract yawo ikutha mwezi uno, ndipo gitalayi ndi chikwama cha mphatso zanu sizingakwere zonse ziwiri m'ndege pobwera kumudzi. Iwo akuchita manyazi kukufunsani, ndiye ndikufunsa ine: abwere ndi chiti?