Tabuleti Imene Ndinasankhira Ada

Ada, bambo anga ondibereka, anali ndi kachipangizo kowerengera mabuku komwe ankakatcha sileti. Anagwira uphunzitsi moyo wawo wonse, ndiye chilichonse chafulati chokhala ndi zilembo kwa iwo chinali sileti basi. Kanachokera ku Joni, kwa achimwene anga amene anapita kumeneko kalekale. Kanalibe mitundu, kanalibe nyimbo, zilembo zakuda zokha pagalasi lotuwa ngati pepala la nyuzi. Ukakatchaja kamodzi unkaiwala mpaka mwezi kutha. Ine ndinkakanyoza pamaso pawo, kuti chinthu chochokera ku Joni chingaoneke bwanji chosauka chonchi, iwo n'kumangoseka.

Kunyoza ndinkanyoza, koma ntchito yake ndinkaidziwa, ndipo m'tauni yonse ya Nkhata Bay tinkaidziwa anthu awiri okha. Maso a ada anali atayamba kuchita ng'ala. Magalasi anasiya kuwathandiza, ndipo buku lapepala ankangoona mizere yakuda yosatanthauza kanthu. Pasileti paja zilembo ankazikulitsa mpaka kufika ngati chala chachikulu, mawu anayi kapena asanu pamzere, ndipo dzuwa likawala m'pamene zinkaoneka bwino koposa. Ada ndi mkulu wa mpingo. Kwa zaka zambiri, maliro akagwa kudera kwathu, kuyambira ku Chikale mpaka ku Mwaya, akuluakulu anzawo ankafika pachipata kudzawapempha kuti akawerenge Mawu ndi mbiri ya malemu. Anali ndi liwu loti ngakhale wosinza adzutse mutu. Anthu ankaganiza kuti sileti ija ndi matama chabe a munthu amene ali ndi mwana ku Joni, ndipo ada ankawasiya aziganiza choncho. Anandiuza kamodzi kuti bola kutchedwa wamatama kusiyana ndi kumveredwa chisoni.

Sileti inasweka chakumapeto kwa nyengo ya mvula. Anaterereka panjira yotsetsereka yochokera kumsika, n'kugwera mbali imene kunali thumba la jekete. Iwo sanavulale, koma galasi linachita mizere, theka la tsamba n'kuuma pomwepo osasunthanso. Masiku atatu anakhala nayo pakhonde, akuidina n'kuidikira, mwina idzuka.

Achimwene ananena pafoni kuti atumiza ina yonga yomweyo, kungoti tidikire munthu wobwera kumudzi, mwina mwezi umodzi kapena iwiri. Apa m'pamene ndinalowererapo ine. Ndine kalaliki, ndimagwira kompyuta tsiku lililonse, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza kuti asataye nthawi ndi zinthu zamakedzana, masiku ano anthu amawerengera pa tabuleti. Ndinati ndi yaikulu, imawala yokha, mabuku onse a ada alowamo n'kutsala malo, ndipo ndikhoza kukaigula ku Mzuzu Loweruka lomwelo. Zonsezi zinali zoona. Chimene sindinanene n'chakuti kuntchito kwathu kunali mayi wina amene ankabwera ndi tabuleti yake n'kumationetsa zithunzi za adzukulu ndi masitayelo a madiresi, ndipo ine kaduka kanandidya chaka chathunthu. Foni yanga inali yaing'ono, yong'aluka pakona. Ndinaona kuti apa mwayi wagwa: ada aziwerenga, ine ndizibwerekako.

Ndikunyamuka Loweruka lija, ada anandiitana pakhonde. Sanafunse za kukula kwake kapena maonekedwe ake.

"Mwanangu, ukaonetsetse chinthu chimodzi chokha. Chikhale chooneka padzuwa."

Ndinawayankha kuti asadandaule, za makina andisiyire ine.

Wogulitsa wa ku Mzuzu anali bambo wachilungamo, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero chifukwa ndilibe pomunamizira. Anayala matabuleti atatu pakauntala. Ine ndinafunsa za kamera, ndinafunsa malo osungira zithunzi, ndinafunsa ngati nyimbo zimamveka mokweza. Za zilembo ndinakumbukira pomaliza. Nditatchula kuti ndikugulira bambo anga okalamba amene amawerenga panja, munthu uja anaima kaye. Anati ngati ndi choncho, mwa atatuwo palibe wogwirizana ndi dzuwa, galasi lake limasanduka kalilole. Anawonjezera kuti kwa munthu wongofuna kuwerenga, kachipangizo kotuwa kaja kamaposa zonse zimene zinali m'sitolo mwake, ngakhale iye sagulitsa. Anandiuza kuti ndituluke nayo panja ndikadzionere ndekha. Kunja kunali mitambo ya ku Mzuzu ija, kamvula kakuwaza. Ndinangosuzumira pakhomo, zilembo n'kuonekako ndithu, ndipo ndinati zakwana. Kodi ine wobadwira kunyanja sindinkadziwa kuti dzuwa la ku Mzuzu ndi la kwathu si limodzi? Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinasankha ya kamera yabwino, ndipo m'minibasi potsika mapiri ndinaijambulitsa mitengo, mbuzi, ngakhale nsapato zanga.

Ada anailandira ndi manja awiri, anati yewo, n'kubwereza funso lawo lija. Ndinati imaoneka. Bodza limenelo linatuluka mosavuta ngati moni.

Masabata otsatira ndinaona zinthu, koma ndinkayang'ana kumbali. Ada anasiya kukhala pansi pa mtengo wa mango umene ankaukonda, anasamukira m'nyumba, pakona pamdima. Akawerenga kanthawi maso ankalengeza misozi. Chala chikakhudza molakwika buku linkathawa, pagalasi n'kubwera zinthu zina, iwo n'kundiitana, ine n'kubwera ndikung'ung'udza kuti ndawaphunzitsa kangati. Moto wa batire unkatha tsiku lomwelo, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Nthawi zambiri sinalinso m'manja mwawo. Ndinkati ndikukaikamo mabuku kuntchito, n'kuswera nayo konko, ndipo mayi uja anasiya kutionetsa adzukulu ake. Kutchalitchi ada anawerenga nayo kawiri popanda vuto, poti m'kati muli mthunzi, ine n'kumadzilimbitsa mtima kuti wogulitsa uja ankangokokomeza. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa wovumbwa sanali ine.

Mvula itatha, thambo litayera, kunamwalira mnzawo wa ada wa paubwana. Anakulira limodzi, uyo anapita kumigodi, ada ku sukulu ya aphunzitsi, ndipo atabwerako anakhala pa benchi imodzi m'tchalitchi mpaka imvi. Asanamwalire anauza ana ake kuti mbiri yake asadzawerenge wina koma ada. Masana a tsiku loti mawa tiika maliro, ada ankanena mbiriyo, ine ndikulemba pa tabuleti. Anatenga nthawi yaitali, akubweza mawu, akuwerengera ana ndi adzukulu pazala kuti asasiye ndi mmodzi yemwe, chifukwa kwathu kuno kudumpha dzina la mwana pa mbiri ndi mlandu umene anthu amausunga zaka. Zosindikiza papepala sizikanatheka. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo ada sakanalola mapepala a zilembo zazikulu oti aliyense woima pafupi awaone.

M'mawa wa tsiku loika maliro magetsi anali asanayakebe, ndipo moto mu tabuleti unali theka. Ukanakwana ndithu ndikanaisiya m'chikwama. Koma amayi a mpingo ovala yunifolomu atayamba kuimba pakhomo la siwa, ndinaitulutsa n'kuyamba kujambula, ati kuti ndikatumizire achimwene ku Joni. Zoona zake ndinkafuna anthu aione m'manja mwanga. Ndinajambula nyimbo zitatu, ndinajambula bokosi likutuluka m'nyumba, ndinajambulanso nkhata za maluwa imodziimodzi. Pamene ndinkaipereka kwa ada chizindikiro cha moto chinali chitafiira, ndipo galasi linali litachepetsa lokha kuwala posunga moto wotsalawo. Ndinaona zimenezo. Ndinawatsegulira mbiri, osawachenjeza, n'kupita kukakhala pansi kumbali ya amayi.

Pamaliro kwathu abambo amakhala mbali yawo, amayi mbali yawo, ndipo wowerenga amaima pakati, pafupi ndi bokosi, kuti mbali zonse zimve. Mthunzi wa mitengo ndi wa okhala pansi. Pakati paja ndi pambalambanda, ndipo dzuwa linali paliwombo.

Ada anaimirira, anapereka ulemu kwa mafumu, abusa ndi anamfedwa, liwu lawo lija lili bwinobwino. Kenako anakweza tabuleti. Anaipendeketsa uku, anaipendeketsa uko. Anaiyandikiza kumaso. Anayesa kuitchinga ndi chipewa chimene anachigwira kudzanja linalo, koma ndinadziwa kuti akuona nkhope yawo yokha pagalasi lakuda. Mwana wamkazi wa malemu anasiya kulira n'kudzutsa mutu.

Ine ndinali ndi ambulera pamiyendo. Kunali kungodzuka, kuyenda mapazi khumi nditawerama, n'kuwafunditsa mthunzi. Mwina zikanathandiza, mwina ayi, sindidzadziwa. Mkazi akadutsa pakati pa bwalo la maliro anthu amayang'ana, koma si mlandu. Chimene chinandimanga miyendo n'chakuti onse anali atandiona ndikujambula ndi chinthu chomwecho, ndipo ndikanaimirira akanadziwa kuti wolakwa ndani. Ndinazyolika n'kumayang'ana maluwa a chitenje changa. Ine wapakamwa, amene ndimatsitsa kondakitala pampando akandichitira mwano, ndinangokhala duu.

Ada anatsitsa dzanja.

"Abale, mundikhululukire," anatero. "Chida ichi chilibe mlandu. Maso anga ndi amene anatha, ndipo anatha kalekale. Ndakhala ndikukubisirani."

Mayi wina pafupi nane ananong'ona kuti ukalamba ulibe mankhwala, n'kundigwira phewa pondipepesa. Kupepesa ine! Mlembi wa mpingo anadzuka, anawagwira ada pamkono n'kuwaperekeza kumpando. Iye anapita ndi tabuleti pamthunzi, ndipo ndinaona nkhope yake ikudabwa ndi kukula kwa zilembo. Anawerenga mothamanga poopa moto, ndi liwu losafika ngakhale kwa amayi ophika kuseri kwa nyumba. Inazima asanafike pa adzukulu. Mayina otsalawo anawatchula mwana wamwamuna wa malemu kuchokera m'mutu, ndipo mawu onse amene ada anawasankha mosamala okhudza ubwana wawo sanamveke konse.

Mwambo utatha tinauyamba wobwerera kunyumba. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale, poti ndi mmene ndilili: magetsi, wogulitsa, dzuwa. Sanandipatse mpata wowatulutsa. Titafika pakhonde anakhala pansi, anapuma, n'kundiloza ndi tabuleti ija.

"Tenga, mwanangu. Iyi inali yako kuyambira tsiku limene unabwera nayo. Ukanangondiuza kuti ukuifuna, ndikanawauza achimwene ako."

Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene ndinabwerera pakhomo pano ukwati utatha. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za wogulitsa amene anandichenjeza, za mitambo ya ku Mzuzu, za nyimbo zimene ndinajambula, mpaka za ambulera. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anangoti zatha, ndiwapatse madzi akumwa.

Achimwene anatumiza sileti ina patapita miyezi iwiri. Ada anabwerera pansi pa mango, ndipo amawerenga mabuku awo monga kale, dzuwa likuswa mtengo. Koma mawu amene ananena pabwalo paja anali atamveka kale m'makomo onse. Ndinapita ndekha kwa mlembi wa mpingo kukamufotokozera kuti vuto linali ine ndi makina anga, kuti ndi sileti yawo ada amawerenga bwinobwino. Anandimvetsera mwaulemu, anandiyamikira kuti ndine mwana wabwino woteteza kholo, n'kunena kuti akuluakulu anagwirizana kale kuti ada apume, atumikira mokwanira. Ndinakweza mawu, monga mwa chizolowezi changa, ndipo zinangoipiraipira. Anandiperekeza mpaka pamsewu akundiuza kuti akumvetsa.

Mwezi watha kunagwa maliro kumtunda kwa nyumba yathu, kwa anthu amene ada anawaphunzitsa ana awo onse. M'mawa wa tsiku loika ndinapeza ada atavala jekete ndi tayi, sileti yatsopano ili pamiyendo, atakhala pakhonde moyang'ana kumsewu. Ndinatenga tsache n'kumasesa malo amodzimodzi. Patapita nthawi tinamva nyimbo zikuyamba. Anandifunsa ngati panafika munthu iwo ali kubafa, ndipo ndinati ayi. Anagwedeza mutu, analowetsa sileti m'nyumba, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze poti njira ya kumeneko ili ndi miyala.