Ndowa ya Lachisanu

Pa 9 Juni, mayi wina wa ana atatu anatulutsidwa pageti la fakitale yokonza mtedza wa makadamiya. Anali atagwirapo zaka zisanu ndi zitatu, akusankha mtedza pa lamba. Mlonda anamulanda epuloni ndi chipewa anthu akuona. Anzake anali pamawindo, ndipo wina anamukuwiza kuti, "Muyende bwino, adokotala a Sitandade 6."

Inu amene munakankhidwapo chifukwa chonena zoona, nkhaniyi ndi yanu.

Mlandu wake unali ndowa. Ntchito ya osankha inali kuchotsa mtedza wachuku, wakuda ndi wobooledwa ndi tizilombo, kuti wabwino upite kwa ogula akunja. Woipawo sunkatayidwa. Lachisanu lililonse wantchito aliyense ankalandira ndowa imodzi, ndipo bwana ankati ndi bonasi. Amayiwo ankautsuka, kuukazinga, kuusinja n'kuthira m'phala la ana. Nayenso ankachita chimodzimodzi zaka zonsezo, uku akuthokoza.

Pa 31 Meyi anamutuma kukakolopa mu labu. Kumeneko anapeza bambo woyeza mtedza atavala magolovesi ndi chophimba kumphuno kuti agwire mtedza womwe uja wa m'ndowa. Atafunsa, bamboyo anafotokoza kuti chuku chimatha kusiya poizoni wosaoneka ndi maso, amene sachoka ngakhale mutsuke kapena mukazinge. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo ana amapinimbira naye.

"Nanga umene mumatipatsa uja?"

Woyezayo anayamba wayang'ana kuchitseko. "Mayi, ine ndowa yanga ndimaisiya pompano."

Lachisanu pa 2 Juni, anthu ali pamzere wa ndowa, mayiyo ananena zonse anamva. Bwana sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Anangofunsa ngati alipo amene anakakamizidwapo kulandira, kenako anati poti mphatso yayamba kunyozedwa, bonasi yatha. Mkwiyo wonse unagwera mayiyo. Mkazi wa mchimwene wake, amenenso ankasankha pa lamba yemweyo ndipo anali ndi mapasa, anamupeza pampopi n'kumuuza kuti, "Alamu, ana anga adye nzeru zanuzo?"

Patatha sabata anamuchotsa ntchito, ati chifukwa chosokoneza anzake. Pa 16 Juni ndowa zinabwerera, ndipo anthu anaomba m'manja.

Tisabise apa. Akuluakulu a fakitale ankadziwa, poti anali atawerenga zotsatira za mu labu. Mtedza umene sakanayerekeza kuutumiza kwa mlendo ankaupereka kwa ana a antchito awo, kuti apewe ntchito youtaya, n'kumayembekezanso zikomo.

Mayiyo analemba makalata atatu kupita ku maofesi atatu. Palibe anayankha. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankachapa zovala m'nyumba za anthu, ndipo mchimwene wake anasiya kumuyendera.

Mu Febuluwale anapeza ganyu yotola mtedza kwa mkulu wina wa mitengo makumi asanu ndi limodzi. Kumeneko ndi kumene anaona poyambira chuku. Mtedza unkakhala pansi sabata yathunthu. Ukatoledwa, unkaunjikidwa m'matumba a pulasitiki uli ndi makoko ake aawisi, ndipo ukapisa dzanja m'thumba munkatentha ngati m'khwapa.

Anaimbira foni woyeza uja, ndipo iye anamuuza zochita bola asatchulidwe dzina. Mayiyo anayamba kutola masiku awiri alionse ndi kusenda makoko tsiku lomwelo. Anamanga thandala la waya wa sefa lofika m'chiuno, pansi pa denga, pomwe mphepo imadutsa. Loyamba linagwa ndi kulemera, anamanganso. Ankayala mtedza mopyapyala n'kumautembenuza, ndipo sunkalowa m'thumba mpaka ataugwedeza pakhutu n'kumva njere ikulira m'chigoba.

Mkuluyo ankadandaula kuti mtedza wake ukuleredwa ngati khanda, posachedwa ufuna thewera. Koma chaka chimenecho, pa mtedza zana lililonse, wokanidwa unatsika kuchoka pa makumi awiri kufika pa unayi. Anasiya nthabwala n'kuitana anansi ake.

Chaka chachiwiri alimi otsatira njirayi anali khumi ndi mmodzi. Chachitatu anafika 47, ndipo anamusankha kukhala wowalankhulira. Mtedza wawo unkapambana mu labu nthawi zonse, moti fakitale ija inayamba kuufuna wonse.

Chaka chachinayi, alimiwo anakumana ndi bwana pa 12 Epulo, mu ofesi imene anamuchotseramo ntchito. Alimi ena ankafuna kuyamba ndi mtengo, koma iye anali atawapempha kuti ayambe ndi ana. Anaika mfundo ziwiri: mtedza wachuku uziwotchedwa antchito akuona, ndipo m'ndowa muzikhala mtedza wosweka koma woyezedwa. Bwana anati zochitika m'fakitale si nkhani ya alimi.

"Ndiye mtedza wathu si nkhani ya fakitale," anatero mayiyo, n'kunyamuka.

Anadikira masabata asanu ndi awiri. Alimi asanu ndi mmodzi anatopa n'kukagulitsa paokha. Otsalawo anapirira, chifukwa mtedza wouma bwino suthamangitsa mwini wake, ndipo wogula wina anali atayamba kufunsa. Pa 30 Meyi bwana anasaina.

Lachisanu lotsatira anawotcha makilogalamu 380 kuseri kwa fakitale. Amenewo akanalowa m'phala sabata imeneyo. Bwana sanapepese. Zaka zina zinayi zimene ana anadya mtedza uja, chilankhulireni mayiyo pamzere, palibe angazibweze, ndipo zimenezi zimamupwetekabe mpaka lero.

Ngati mwaona choipa, mwachinena, ndipo amene mumawateteza ndiwo akuthamangitsani, musabweze mawu anu. Pitani komwe vutolo limayambira, phunzirani ntchitoyo mpaka akufuneni, ndipo akadzakufunani, mudzakumbukire chimene munadzera. Mtima musautaye.