Magolovesi Amene Anakana Chitumbuwa cha Azakhali

Pa anthu 2,000 amene anagula chakudya pa foni mu Januwale, 1,900 anakana chitumbuwa cha a Lorna. Inatero pulogalamu ya lesitilanti ya a Kowalchuk ku Winnipeg kuno, ndipo anailemba ndi Marnie Friesen, amene a Lorna omwewo, ophika pa lesitilantiyo, ndi azakhali ake.

Marnie ndi uja amalembera mapulogalamu ogulitsa zakudya a mu msewu wathu, atakhala pa mpando uliwonse umene wayandikira soketi, uku akutola tchipisi m'mbale za eni ake.

"Manambala ndawaona, iwe mtsikana," anatero a Kowalchuk. "Lachisanu azakhali akowo apachike epuloni."

"Bwana, si inu mumadya magawo awiri tsiku lililonse?"

"Ine sindigula. Ndine mwini wake."

Marnie anatsegula zimene analemba chaka chatha, nkhope n'kugwa. Munthu akamalipira, pamatulukira kabokosi kofunsa kuti, "Tiwonjezere chitumbuwa?" Kali ndi mabatani awiri, Inde ndi Ayi. Koma ukadina pambali pake, kapena batani lobwerera m'mbuyo, kamangotsekeka osapereka yankho. Ndiye Marnie, ndi ulesi wake, anauza pulogalamu kuti chilichonse chimene si Inde izichiwerenga ngati Ayi.

Anakonza kuti katsekedwe kalikonse kaziwerengedwa pakokha. Pa masiku atatu, anthu 300 anatseka kabokosiko osagula. Odina Ayi anali 40 okha, obwerera m'mbuyo 35, ndipo 225 anadina pambali. Marnie atasuzumira pa windo, anaona bambo wina m'chisanu choopsa cha kuno, pa siteji ya basi, akujoba foni ndi golovesi lonenepa ngati buledi. Atalephera, anayesa ndi mphuno. Batani la Inde linali laling'ono ngati nthata.

A Lorna anatuluka m'khitchini ufa uli mbuu m'mikono. "Kani wondichotsa ntchito ndiwe? Iwe amene ndinkakusintha matewera?"

"Ndi magolovesi, azakhali."

"Magolovesi ndi amene analemba zopusazo?"

A Kowalchuk sanakomedwe msanga. "Kuphonya batani sikutanthauza kuti munthu akufuna chitumbuwa."

"Zoona, bwana. Koma pa anthu 225 aja, akangofuna 60 okha, uvuni suzima."

A Kowalchuk anawapatsa a Lorna milungu iwiri. Mawa Marnie akulitsa mabatani onse awiri kuti ngakhale mphuno isaphonye, aletsa kuti kabokosiko kazitsekeka munthu akadina pambali, ndipo Lolemba awerenganso.