Tsiku limene mayi anatsuka mapoto pa chilumba

Tinanyamuka ku Oshawa Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa, ine ndi mayi anga omwe anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa. Abwana anga a kuchipatala, a Heather, amakhala pa kachilumba koyang'anizana ndi mzinda wa Toronto, ndipo anandiitanira ku chisangalalo chimene anthu akumeneko amachita chilimwe chilichonse. Kuntchito ankafuna kukweza munthu mmodzi, tsono ine ndinkafunitsitsa akandione ngati wotsogola. Nditaona mayi akupinda chitenje n'kuika m'chikwama, ndinati, "Amayi, kumeneko si kumaliro." Iwo anangoti, "Mkazi sayenda wopanda chitenje," n'kutseka zipi.

Sitima ya pamtunda tinalipira madola khumi ndi limodzi aliyense, ulendo wa ola lathunthu. Mayi anapereka moni kwa onse oyandikana nafe. Bambo wina anachita kuvula zomvera za m'makutu, kuyesa kwagwa ngozi. Ine ndinangoyang'ana pawindo.

Titatsika pa siteshoni ya Union ku Toronto tinayenda wapansi mpaka kudoko. Boti linali madola asanu ndi anayi, kupita ndi kubwera. Pamzere panali njinga, tingolo ta ana ndi agalu. "Galuyu nayenso walipira?" mayi anafunsa mokweza. Mayi wina wa ku Zambia amene anali kutsogolo kwathu anacheuka akuseka: "Amama, kuno galu ni bwana, ali na insurance!"

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Pachilumbapo palibe magalimoto oyendayenda, ndi tinyumba ta matabwa ndi maluwa okhaokha. Ana anali pa perete atavala ngati nsomba ndi mbalame, agogo atatu akuimba magitala mosemphana, ndipo anthu ankadya soseji ndi chimanga chophika chopaka batala. A Heather anali asanaoneke, ndiye ndinasiya mayi pa benchi kuti ndikawasake.

Ndinawapeza, tinacheza, anandionetsa kwa anzawo. Koma pobwerera ku benchi kuja, mayi kulibe. Ndinayenera kudziwa. Kwathu mzimayi akafika pa ukwati kapena pa chinkhoswe sakhala pansi kudikira mbale, amalunjika kumene kukufuka utsi. Ine ndi a Heather tinawapeza kuseri kwa holo ya pachilumbapo, chitenje m'chiuno, nsapato atavula, ataweramira poto wamkulu wophikira chimanga chija. Sopo anamuona kuchepa mphamvu, moti anakatapa mchenga kugombe n'kumakwecha nawo. Azimayi awiri achizungu anaima pambali atagwira timasiponji tawo, kukamwa yasa.

Ndinaima chapatali. A Heather anafunsa, "Mayi ameneyu wabwera ndi ndani? Ukumudziwa?"

Pakamwa panayankha mutu usanaganize. "Ndi a kwathu ku Malawi, tangokumana m'boti."

Mayi anadzutsa mutu, anandiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kukwecha. Ndinali nditaiwala kuti Sitandade 8 yawo ndi yakale ija, chizungu amachimva bwinobwino. Ndinachokapo msanga n'kubwerera kumene anthu ankadya.

Tinakwera boti la 5 koloko madzulo. Mayi anakhala pampando, maso ali pa nyumba zitalizitali za mumzinda, zala zitatuwa ndi madzi. Ndinayeserera: "Amayi, mwatopa? Tika-grabbe tiyi tikatsika?"

"Abwana ako anabweranso utachoka," anatero. "Munthu wabwino. Akuti mapoto aja sanawalepo choncho. Anandifunsa dzina, kenako anafunsa ngati ndili ndi mwana kuno ku Canada."

Ndinawatembenukira. "Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati ndilibe. Ndikanati ndili naye, iwe ukanapezeka wabodza pamaso pa abwana ako. Ntchito ndi yovuta kupeza, mwanawe."

Sanakalipe, sanalire. Akanandilalatira pa anthu onse aja, mwina ndikanapepukidwa. Ulendo wa boti ndi wa mphindi khumi ndi zisanu zokha, koma manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ine ndinawakana kuti ndioneke bwino, iwo anandikana kuti anditeteze.

Lolemba m'mawa ndinagogoda pa ofesi ya a Heather ndisanavule n'komwe jekete. Ndinawauza kuti mayi a mapoto aja dzina lawo ndi Nachisale, ndipo ndi amene anandibereka.