Amayi Otcheza Mafuta a Mpungabwi

Kuseri kwa shopu ya atelala kuli kachipinda ka zenera limodzi, ndipo m'menemo mumagwira ntchito amayi amene tonse pabwalo pathu timawatchula kuti Adontho. Dzinali linabwera chifukwa aliyense wotenga kabotolo kwa iwo amamva mawu amodzimodzi: "Dontho limodzi pakansalu, basi." Ndi amayi aafupi, otupa mapazi, ndipo zikhatho zawo n'zotuwa ngati za munthu amene wakhala m'madzi moyo wake wonse. Chitseko chathu chimayang'anizana ndi chawo. Ndinawaonerera chaka chathunthu ndisanawalankhule, poti ine manyazi ndinabadwa nawo. Ngakhale moni ndimayankha ndi mutu.

Ntchito yawo ndi kutcheza mafuta a mpungabwi. Amathira madzi m'mphika waukulu, amaika sefa, kenako amatsendera masamba mpaka pakamwa n'kumanga chivundikiro ndi waya. Pachivundikiropo pamatuluka kapaipi kofiira kamene kamazungulira katatu m'ndowa ya madzi ozizira. Nthunzi ikalowa m'kapaipiko imatuluka ili madzi, n'kumagwera m'botolo lalitali, ndipo pamwamba pa madziwo pamayandama kamzere ka mafuta kopyapyala ngati chikhadabo cha khanda. Thumba lonse la masamba silidzaza supuni. Mafutawo amawakoka ndi sirinji yopanda singano, lilime atalitulutsa pang'ono pambali.

Tsiku lotcheza, bwalo lonse limakhala ngati likulota. Zovala zapachingwe zimatenga fungo, mphaka amagona chagada, anthu opita kumpopi amaiwala kufulumira. Atelala, amene ndi mng'ono wa malemu amuna awo, amasuzumira pazenera tepi ili m'khosi.

"Alamu, tsiku lina apolisi adzakutengani kuti mukutcheza mowa!"

"Akadzabwera ndidzawaonetsa msoko wa diresi limene munandisokera lija, aone okha woledzera ndani."

Nditabereka mwana wanga woyamba, mtima unayamba kundithamanga popanda wouthamangitsa. Bambo ake amayendetsa lole, amatha masabata awiri ali pamsewu. Ndinkakhala pakhomo mwana ali pamiyendo, n'kumawerenga mpweya wake ngati wina andituma. Tsiku lina masana Adontho anadutsa bwalo, mapazi akukhweza, n'kundiika kabotolo kofiirira m'manja.

"Mwana wanga, maso akowo ndawaona. Awa si mankhwala akuchipatala, kuchipatala uzipitabe. Awa ndi ongokhazika mtima pansi. Dontho limodzi pakansalu, ununkhize katatu, kansaluko ukaike kutali ndi khanda."

Ndinachita momwemo. Sindidziwa kufotokoza bwino, sukulu ndinalekeza panjira, koma zinali ngati wina watsegula zenera m'mutu mwanga. Fungolo limayamba lakuthwa, kenako limafewa, kenako umangoona kuti mapewa ako atsika okha. Ndinaona kuwala kwa dzuwa pakhoma kukuyenda pang'onopang'ono ngati madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinawerenge kanthu.

Ndiye ndinaganiza ndekha. Ndinati, wothamanga ndi mtima, osati mphuno. Nanga bwanji mafutawa azikhala pakansalu patali, chikhalirecho mtima uli pano? Ndinasakaniza madontho angapo ndi mafuta odzola, n'kupaka pachifuwa, pamene mtima umagunda. Kufunsa sindinafunse. Ndikanayambira pati?

Mawa lake mwana anakana bere. Ankabwera kukamwa kuli yasa, akafika pafupi n'kupotoza mutu, kumenya timanja, kulira mpaka lilime kunjenjemera. Akayamwa, ankayamwa kawiri n'kusiya. Iye akalira, mtima wanga unkathamanga. Mtima ukathamanga, ndinkapakanso. Ndinkamufinyira mkaka m'kapu n'kumamumwetsa ndi kasupuni, koma wambiri unkatayikira m'khosi. Kusikelo anamwino anayang'ana muvi wa sikelo, n'kuyang'ananso khadi.

"Amayi, mwanayu sanakwere. Akuyamwa bwino?"

"Eya," ndinatero, maso ali pansi.

"Mubwerenso Lachisanu. Akapanda kukwera tidzamugoneka."

Kabotolo kanatha pa tsiku lachisanu ndi chinayi. M'mawa dzuwa litakwera ndinabereka mwana kumsana n'kudutsa bwalo. Adontho anali atangokoleza moto, mphika utayamba kung'ung'udza. Ndinawapatsa kabotolo kopanda kanthu. Anakapenyetsa kuzenera, anakagwedeza, kenako anandiyang'ana.

"Kameneka kamatha miyezi itatu. Wamwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Wataya?"

Ndinaloza pachifuwa. Nthawi yomweyo mwana anayamba kulira kumsana, kulira kwake kotopa kuja kosafika patali. Adontho anasendera, n'kuika mphuno pakolala ya bulauzi yanga ngati mayi wonunkhiza mkaka wa dzulo. Anatseka maso.

"Mayo ine. Ndipo akukana bere, eti?"

Apa ndinalira ndine.

Sanandikalipire. Anatembenuka, natenga ndowa ya madzi ozizira ija n'kukhuthulira pamoto. Phulusa linauluka, mphika unaleka kuyimba. Atelala anatulukira pazenera.

"Alamu, mwapenga? Masamba a thumba lonse amenewo!"

"Sokani mabatani, alamu. Izi n'za azimayi."

Ananditengera kumpopi kuseri, kutali ndi kachipinda kawo, n'kundipatsa beseni la madzi ofunda. "Sopo ayi. Madzi okha. Usambe katatu, bulauziyo uisiye pomwepo." Iwo anasamba m'manja mpaka m'zigongono asananyamule mwana. Nditamaliza anandifunditsa nsalu yakale ya m'nyumba mwanga, imene mafuta anali asanaikhudze, n'kundikhazika pa sitepe padzuwa.

"Tsopano tidikire thukuta lako."

"Thukuta, amayi?"

"Khandali maso ake sanakhwime. Amayi ake limawadziwa ndi mphuno. Masiku onsewa lakhala likubwera pakhomo pako n'kupeza mlendo atavala nkhope yako."

Tinakhala pamenepo. Dzuwa linkandigwera m'khosi ngati dzanja lofunda. Patali wina ankakhoma misomali, kenako analeka. Ntchentche imodzi inkazungulira beseni. Adontho ankayendetsa mwana pabondo, n'kuyamba kulankhula osandiyang'ana, ngati akuuza khoma.

Anati anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri mochapira zovala za chipatala china. Ntchito yawo inali kuchotsa fungo la anthu m'mashiti: la malungo, la magazi, la mantha. Ankanyadira kuti shiti ikachoka m'manja mwawo sinunkha munthu aliyense. Kutcheza anaphunzira kwa mayi wina wodwala amene anagona nthawi yaitali pafupi ndi khomo la kochapirako, amene kwawo ankalima zitsamba. Mayiyo anawajambulira mphika ndi kapaipi kuseri kwa pepala la mankhwala, poti analibe mwana womusiyira.

"Amuna anga atamwalira," anatero, "manjawa anachita zimene anazolowera. Tsiku lachitatu ndinachapa zonse. Malaya, mapilo, chipewa, ngakhale kathaulo kawo kometera. Ndinayanika bwinobwino, ndinasita. Patapita mwezi ndinatsegula sutikesi kuti ndiwamveko pang'ono. Ndinangomva sopo."

Anasisita mwana pamsana. Mwana anali atasiya kulira, ankangotsegula ndi kutseka kukamwa ngati kansomba.

"Ndiye ndinayamba mphikawu. Ndinati mwina pali njira yogwira fungo lisathawe. La masamba ndaligwira, limathandiza anthu, amagona, mitu imapepuka. Koma la munthu, mwana wanga, ndayesa m'maganizo usana ndi usiku, silikhala m'botolo. Iwe uli nalo laulere, ndiye ukulikwirira ndi langali?"

Anaseka pang'ono, ine ndinasekanso, misozi ili m'masaya. Sindikumbuka kuti ndinayamba ndasekapo pamaso pa munthu wamkulu.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mthunzi wa chingwe choyanikira unachoka paphazi langa kufika pabondo. Ndinamva kamzere ka thukuta kakutsika pakati pa mabere, kenako kena m'khwapa. Adontho anandinunkhizanso pakhosi, n'kugwedeza mutu.

"Eya. Wabwera mwini nyumba. Chotsa nsaluyo. Mwananso timuvule, khungu likhudze khungu. Usamukakamize, usamulozere. Angogona apo."

Anamugoneka chafufumimba pachifuwa panga. Anali wopepuka, wopepuka kuposa tsiku limene ndinatuluka naye m'chipatala, ndipo mtima wanga unayambanso kuthamanga. Dzanja langa linafuna kabotolo lokha. Adontho analigwira n'kulibwezera pamsana pa mwana.

"Usiye uthamange. Iyeyu anakhala pansi pake miyezi isanu ndi inayi, phokosolo amalidziwa."

Mwana anakhala duu. Kenako kamphuno kake kanayamba kugwedera. Anadzutsa mutu, unagwa, anaudzutsanso. Anakwawa ndi tsaya, akupukusa nkhope uku ndi uku ngati munthu wofufuza chitseko m'chipinda chachilendo. Anafika pabere, anapotoza mutu monga mwa masiku onse aja. Anakhala choncho, kukamwa kuli pambali, akununkhiza. Kenako anabwerera yekha n'kugwira.

Anakoka kamodzi, kawiri. Anaima. Anakokanso, ndipo ndinamva kumeza, kaphokoso kakang'ono ka m'khosi kamene ndinali nditakasowa masiku asanu ndi atatu. Timanja tija tinkandimenya tinatambasuka chala chimodzichimodzi, n'kugona pakhungu langa.

Ndinafuna kunena zikomo, koma Adontho anaika chala pamilomo yawo. Ananditsamiritsa kukhoma, nandiika kansalu kopinda pansi pa chigongono, n'kukhala pansi pambali panga, mapazi otupa aja atawatambasulira padzuwa. Mwana anayamwa bere limenelo mpaka linafewa, ndipo nditamutembenuzira linalo sanafunsenso kuti ndine ndani.